Galu Wouwa ndi Khanda M'nyumba Imodzi: Muyambire Pati?

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa makolo amene ali ndi galu pakhomo ndi ili: mwana wangogona kumene, mayi atamuyendetsa m'manja mpaka mikono kuwawa, basi galu wauwa, mwana wadzuka, ntchito yayambiranso. Zikachitika kangapo pa tsiku, munthu amene sakugona mokwanira amayamba kuganiza zongomupereka galuyo kwa ena, kapena kumumangirira kutali n'kumuiwala. Musanafike pamenepo, yambani mwafufuza chimene galuyo akuuwira. Galu sauwa popanda chifukwa, ndipo nthawi zambiri chifukwacho chimapezeka m'zimene zasintha m'nyumbamo chibwerere khanda, makamaka m'zochita za ife eni ake.

Tiyambe ndi mwanayo, popeza nkhawa yaikulu ili pa iye. Mwana amayamba kumva mawu asanabadwe, ndipo m'miyezi itatu yomaliza ya pakati phokoso lakunja limamufika ndithu, ngakhale limafika lofooka. Ngati galu wanu ankauwa nthawi yonseyo, mawu akewo si achilendo kwa khandalo. N'chifukwa chake makanda ena amagona tulo tofa nato galu akuuwa pabwalo, alendo n'kumadabwa. Khanda likadzidzimuka n'kutambasula manja mwadzidzidzi, musaganize kuti lavulala m'makutu. Kudzidzimuka kotereku mwana amabadwa nako. Dokotala wa ana Ernst Moro anakufotokoza mu 1918, ndipo kumatha kokha mwana akafika miyezi 4 mpaka 6.

Dziwaninso kuti khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma moduladula, ndipo pafupifupi theka la tulo take ndi topepuka, toti mwana amatakataka n'kudzuka ndi kanthu kochepa. Ndiye si kudzuka konse kumene kuli mlandu wa galu. Komabe mtunda ndi wofunika. Anthu akamacheza bwinobwino mawu awo amakhala cha m'madesibelo 60 (muyeso wa kukula kwa phokoso), pomwe galu wamkulu akauwa pafupi amatha kufika 100. Phokoso lotero pafupi ndi khutu la khanda si labwino. Galu asagone m'chipinda chimene mwana amagonamo, ndipo mwana akakhala m'tulo pakhale chitseko chotseka pakati pawo.

Tsopano galuyo. Kwa masiku awiri kapena atatu musayese kukonza chilichonse, mungoonetsetsa. Akauwa, lembani pa kapepala kapena pa foni: inali nthawi yanji, anali pati, chinachitika n'chiyani asanauwe, nanga inu munatani atauwa. Funso lomalizali anthu amalidumpha, chonsecho ndi limene limaulula zambiri. Pofika tsiku lachitatu mudzaona kuti kuuwako kuli ndi njira yake. Galu wina amauwa kukamveka mapazi pakhomo kapena munthu akadutsa pazenera. Wina amauwa akukuyang'anani inuyo m'maso, makamaka mukakhala pansi kuti muyamwitse. Wina amayamba mwana akangolira, uku akuzungulirazungulira ndi kupuma mwawefuwefu. Aliponso amene amauwa chifukwa chibadwire mwana palibe amene watuluka naye kukayenda.

Womalizayu savuta. Galu amene anazolowera kuthamanga tsiku ndi tsiku akangokhala pansi masabata angapo, mphamvu zonsezo zimatulukira pakamwa. M'banjamo sankhani munthu mmodzi kuti kuyendetsa galu ukhale udindo wake, ndipo ulendowo uzikhala mwana asanagone tulo ta masana, kuti onse awiri azigona nthawi imodzi. Panjira mulekeni anunkhize mmene akufunira, chifukwa kununkhiza kumatopetsa galu ndi kumukhazika mtima pansi. Chakudya chake nthawi zina muzichimwaza pa udzu kuti afunefune, m'malo mongomuikira m'mbale. Muzimupatsanso chotafuna cholimba, koma osati fupa lophika, chifukwa limasweka tizidutswa takuthwa.

Wovuta ndi uja amauwa akukuyang'anani. Ameneyu munamuphunzitsa nokha osadziwa. Taganizani mmene tsiku lake likuyendera panopa. Akagona phee pakona palibe womuona, maso onse ali pa mwana. Akangouwa kamodzi nyumba yonse imatembenuka: uyu akumukalipira, uyo akuthamanga kukamutsegulira chitseko, wina akumuponyera chakudya kuti atseke pakamwa mwana asanadzuke. Kwa galu zonsezi ndi malipiro. Ngakhale kukalipako ndi malipiro, chifukwa chimene ankafuna n'chakuti mumuone, ndipo mwamuonadi. Mukakuwa kuti "Khala chete!" agalu ena amangoona ngati nanunso mwalowa nawo m'phokosomo, ndiye amachita kuwonjezera.

Langizo lodziwika limati galu wotere mungomunyalanyaza mpaka atasiya. Limagwira ntchito, koma lili ndi msampha. Khalidwe limene linkabweretsa mphotho likasiya kubweretsa, limayamba lakula kaye lisanathe. Galu amauwa mokweza ndi motalika kuposa kale, ngati akuganiza kuti mwina simunamve. Kholo limene mwana wake wangogona silingapirire zimenezi. Limagonja pakatikati, ndipo galu amaphunzira kuti chinsinsi chake ndi kulimbikira. Pamenepo vuto lakula kuposa poyamba. N'chifukwa chake ine ndimati m'nyumba ya khanda musadikire kuti galu auwe. Yambani ndinu.

Kapepala kaja kakuuzani kale nthawi imene amayamba. Ngati ndi nthawi yoyamwitsa, musanakhale pansi mupatseni chotafuna pamalo pake, ndipo pafupi nanu pakhale kachitini ka tizidutswa ta chakudya chimene amachikonda. Akakhala chete, muponyereni kamodzi osalankhula zambiri. Poyamba muziponya pafupipafupi, pakangodutsa masekondi ochepa, kenako muzitalikitsa pang'onopang'ono. Akauwabe, tembenuzirani nkhope kumbali. Akadukiza musamupatse pomwepo, dikirani kaye pang'ono, kuopa kuti angaganize kuti mphothoyo ndi ya kuuwa kuja. Zimenezi munthu amazichita ndi dzanja limodzi, lina lili ndi mwana.

Pali cholakwika china chimene mabanja ambiri amachita ndi mtima wabwino. Mwana akakhala maso, galu amangomva "choka", "tuluka", "usayandikire". Mwana akagona ndi pamene anthu amamukumbukira, kumusisita ndi kusewera naye ngati kumupepesa. Galu sachedwa kuzindikira kuti kamunthu aka kakaoneka zabwino zimatha, kakachoka zimabwerera. Tembenuzani zimenezi. Mawu okoma, chakudya ndi kusisita zizibwera mwana ali maso, ali m'manja mwanu, ndipo mwana akagona pasakhale chosangalatsa chilichonse, kuti galu naye azingogona. Nzeru imeneyi si yatsopano. Ivan Pavlov wa ku Russia anaonetsa zaka zoposa 100 zapitazo kuti galu amalumikiza zinthu ziwiri zimene zimabwera motsatizana, mpaka thupi lake limayankha lokha chachiwiricho chisanafike. Anthu amakonda kunena kuti galu akuchita nsanje ndi mwana. Kaya ndi nsanje kaya si nsanje, mankhwala ake ndi omwewa.

Njira yomweyi imathandizanso galu amene amasokonezeka ndi kulira kwa khanda. Makutu ake ndi akuthwa kuposa athu: munthu amamva mawu oonda mpaka pa ma hertz 20,000 (muyeso wa kuonda kwa mawu), pamene galu amapitirira 40,000. Jambulani kulira kwa mwana pa foni n'kumamuseweretsera galu motsitsa kwambiri, pamlingo woti akumva koma sakutekeseka, uku mukumupatsa chakudya. Mawuwo akatha, chakudyanso chithe. Mphindi 3 kapena 5 zakwana. Masiku akamapita muzikweza pang'ono. Akayamba kuuwa kapena kukana chakudya ndiye kuti mwafulumira, bwererani pamlingo wa dzulo. Amene muli oyembekezera, yambani izi mwana asanabadwe, ndipo ngati malo ogona a galu kapena nthawi yake yoyenda zidzasintha, zisintheni panopa, kuti asadzaone ngati khanda ndilo lamulanda zake.

Galu wouwira chitseko ndi zenera akugwira ntchito imene agalu akhala akugwirira anthu kuyambira kalekale, ndipo simungamuchotseretu mtima wolondera. Chimene mungachite ndi kuchepetsa zimene akuona ndi kumva. Tsekani makatani, chotsani mpando umene amakwerapo poyang'ana kunja, ndipo mwana akamagona galu azikhala mbali ya nyumba imene ili kutali ndi msewu. Alendo obwera kudzaona mwana auzeni kuti aziimba foni akafika m'malo mogogoda, kapena ikani kapepala pachitseko. Kenako muphunzitseni kupita pamalo pake. Wina agogode pang'ono, inu muponye chakudya pa kansalu kake kogonera n'kunena mawu amodzimodzi nthawi zonse, monga "pamalo". Mukabwereza kambirimbiri, kugogoda kumasanduka chizindikiro choti athamangire pamalo pake. Akauwa kawiri kapena katatu n'kupita kukagona, muyamikireni, chifukwa pamenepo mwapambana kale.

Phokoso lofewa losasintha, monga la fani kapena wailesi yotsitsa, limaphimba mapazi a anthu odutsa kwa galu, limaphimbanso kuuwa kwa galu kwa mwana. Koma samalani nato timakina taphokoso togonetsera makanda. Mu 2014 madokotala a ku Toronto, ku Canada, anayeza timakina 14 totere titakwezedwa mpaka kumapeto. Pa mtunda wa masentimita 30, tonse tinapitirira madesibelo 50, mlingo umene umalangizidwa m'zipinda za makanda m'zipatala, ndipo titatu tinapitirira 85. Kamakina kotere kaikeni kutali ndi bedi la mwana, pafupifupi mamita awiri, ndipo katsitseni.

Za kumenya ndi kuopseza ndinene mosabisa: musatero. Galu amene wamenyedwa nthawi imene mwana akulira saphunzira kuti kuuwa n'koipa. Amaphunzira kuti mwana akalira kumabwera ululu, ndipo galu woopa mwana ndi woopsa kuposa galu wosokosa. Chimodzimodzinso makolala a m'khosi amene amagwedeza galu ndi magetsi akauwa. Ku Wales analetsedwa ndi lamulo mu 2010, ndipo bungwe la madokotala a khalidwe la nyama ku America, la AVSAB, linanena mu 2021 kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphotho osati ndi zowawa. Chachikulu koposa, galu akadzuma musamulange. Kudzuma ndi chenjezo lakuti zamukwana, akufuna mpata. Mukamuletsa kudzuma, mantha ake sachoka, chimene chachoka ndi chenjezolo, ndipo tsiku lina adzaluma osachenjeza. Akadzuma, chotsani mwana modekha, kenako ganizirani chimene chinachititsa.

Galu ndi khanda asasiyidwe okha, ngakhale kwa mphindi imodzi, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani. Mukatuluka m'chipinda, tulukani ndi mmodzi wa iwo. Phunzirani kuona zizindikiro zimene zimabwera kuuwa kusanayambe: kunyambita milomo palibe chakudya, kuyasamula alibe tulo, kutembenuzira mutu kumbali, maso kuoneka poyera, thupi kuuma gwa. Ndipo dziwani kuti galu amene amandidetsa nkhawa kwambiri si wouwa uja. Ndi uja amangoti chete, maso tong'o pa mwana, thupi litauma, n'kumayandikira monyang'ama mwana akalira kapena akatakataka. Mukaona zotere alekanitseni pomwepo ndi chitseko chokhoma, ndipo asakumanenso mpaka mutaonana ndi dokotala wa ziweto kapena katswiri wa khalidwe la agalu. Nthawi ina yofunika tcheru ndi pamene mwana wayamba kukwawa, chifukwa galu amene ankapirira khanda logona angathe kudabwa ndi mwana womutsatira mpaka pambale yake.

Kuuwa kumene kwayamba mwadzidzidzi, makamaka usiku kapena kwa galu wokalamba, kungachokere ku matenda. Ululu wa mano kapena wa mafupa, kugontha, kuchepa kwa maso ndi kusokonezeka mutu chifukwa cha ukalamba zonse zimachititsa galu kuuwa, ndipo izi maphunziro sangazithetse. Mupimitseni. Mukapita kumeneko onetsetsani kuti katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka zam'mimba sanadutse nthawi yake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ndipo 40 mwa 100 alionse amakhala ana osakwana zaka 15. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale bala lichepe bwanji, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati dokotala wa ziweto waona kuti galuyo sangakhale bwino ndi mwana wamng'ono ngakhale mutayesetsa, mufunireni banja lopanda ana aang'ono, ndipo muwauze anthuwo zonse zimene galuyo wachita, osabisa kanthu.