Dzuwa, chinyezi ndi chimfine: mmene mungakonzere chipinda m'nyengo yozizira ku Johannesburg

Kuno ku Johannesburg chimfine chimavuta kuyambira May mpaka August, miyezi yomwe mvula imasowa ndipo mpweya umauma gwaa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye mukayatsanso hita m'chipinda chotseka, kachinyezi kotsalako kamatheratu.

Munthu akatsokomola mu mpweya wouma chonchi, timadontho ta malovu timauma msanga, timapepuka, n'kumangoyandama m'malo mogwa pansi. Mamina a m'mphuno, omwe amakola tizilombo, nawonso amauma. Kachilombo ka chimfine kamafooka msanga chinyezi chikakhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, mukaike patali ndi hita komanso zenera. Chikatsika kupitirira 40, yanikani thawulo lonyowa m'chipindamo, koma osati pa hita. Chikadutsa 60, kapena magalasi a mazenera akayamba kuchita thukuta m'mawa, lekani: khoma lichita chuku, ndipo a mphumu ndi amene avutike.

Dzuwa ndiye limagwira ntchito mwachangu. Kuwala kwake kosaoneka ndi maso kotchedwa UVB kumawononga chibadwa cha kachilombo. Pa kafukufuku wina wa mu 2020 ku America, kuwala kofanana ndi dzuwa la chilimwe kunapha 90 peresenti ya tizilombo ta Covid-19 ta mumpweya m'mphindi 8, pomwe mumdima zinatenga maola oposa anayi. Koma apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: galasi limatchinga pafupifupi UVB yense. Dzuwa lolowera pazenera lotseka limangokufunditsani basi. Tsekulani zeneralo masana, dzuwa lili paliwombo, ndipo alendo muzicheza nawo panja.

Ngakhale zili choncho, dzuwa silifika kuseri kwa bedi, komanso usiku kulibe. Chodalirika kwenikweni ndi mpweya woyenda. Tsekulani pang'ono zenera ndi chitseko choyang'anana nalo kwa mphindi 10 ola lililonse ngati m'nyumba muli wodwala. Tizilombo timakhalitsa mumpweya wosayenda: mwachitsanzo, kachilombo ka chikuku kamatsala mumpweya mpaka maola awiri wodwalayo atatuluka. Mutakisi namo, tsekulani zenera limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo, ngakhale anzanu anyinyirike.

Mbaula kapena hita ya palafini musagone nayo m'chipinda chotseka. Mpweya wake wa carbon monoxide sununkha, koma umapha munthu ali mtulo. Nyale zophera tizilombo za UV-C zogulitsidwa pa intaneti zisiyeni, zimawotcha maso ndi khungu.