Tomato wanu akufota masana pomwe mukuthirira? Zulani muone mizu

Anzanga a m'madimba, ngati tomato akumafota dzuwa likatentha kenako madzulo nkudzukanso, masamba achikasu, mitengo yopinimbira ngakhale mwathira feteleza, musathamangire kukagula mankhwala opopera. Zulani kaye mtengo umodzi ndi dothi lake, mutsuke mizu. Mukapeza mizu yatupatupa ngati mikanda, amenewo ndi manematodi, tinyongolotsi tam'dothi tosaoneka ndi maso. Timalowa mu mizu nkukhazikika momwemo, muzu umatupa ndiye madzi ndi chakudya sizikwera bwino. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira mazanamazana ndipo kukamatentha mwezi umodzi wokha ana aja ayamba kale kuikira awo, makamaka pa dothi lamchenga.

Koma musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya soya kapena mtedza, timeneto ndi tabwino, timathothoka mukatikhudza ndi chala. Za manematodi sizithothoka chifukwa ndi muzu weniweniwo watupa.

Tsono chochita. Mbewu yagwidwa kale simungaichize, nkhondo yake imayambira ku nazale. Ambiri timadzitengera tokha vutoli kumunda ndi mbande, ndiye nazale ikani pamalo pomwe sipanakhalepo tomato, fodya, therere kapena mabiringanya. Wotchani mapesi achimanga pa bedi musanafese, kapena thirirani bedi linyowe nkuphimba ndi pepala la pulasitiki loonekera masabata 4 mpaka 6 nthawi yotentha ngati Okutobala, dzuwa lipsereze dothilo. Mbande za pamsika yang'anani mizu musanalipire chonde.

Kudimba chitani kasinthasintha. Pachoka tomato pasabwere therere kapena nyemba ayi, zonsezo ndi chakudya chawo, dzalanipo chimanga kapena mapira. Maluwa aja a marigold amathandiza ndithu koma muwadzale othithikana bedi lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, osati kamtengo kamodzi pakona. Manyowa owola bwino thirani ambiri, mbewu imapirira.

Mukakolola musasiye zitsa m'munda, zulani ndi mizu yomwe muwotche, kenako galauzani dothi liwambidwe ndi dzuwa. Khasu litsukeni musanapite nalo pa bedi lina. Pogula mbewu funsani yomwe pa paketi palembedwa chilembo N, imeneyo imalimbako ku manematodi, ngakhale dothi likatentha kwambiri mphamvu yakeyo imachepa.