Kuwerenga zotsatira za magazi oyeza mtima

Anthu awiri athanzi lawo akhoza kutuluka ku labotale ndi manambala otalikirana kwambiri, choncho nambala imodzi payokha isakuthamangitseni magazi.

Yambani ndi troponin, puloteni ya m'minofu ya mtima imene imatayikira m'magazi mtima ukavulala. Makina amakono amaipeza ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Malire ake amaikidwa poyeza anthu athanzi, ndipo 99 mwa 100 alionse amakhala pansi pa malirewo. Onani dzina la makina papepala. Pa troponin I yoyezedwa ndi makina a kampani ya Abbott, malire ndi 16 ng/L kwa amayi ndi 34 kwa abambo, pomwe pa troponin T ya makina a kampani ya Roche zipatala zambiri zimatsata 14. Ndiye mayi akapezeka ndi 25 pa Abbott wapyola, koma bambo wa 25 yemweyo sanapyole. Manambala a makina osiyana musawayerekeze.

Troponin sayezedwa kamodzi kokha. Magazi amatengedwanso pakatha ola limodzi mpaka atatu, chifukwa kukwera kapena kutsika msanga ndiye chizindikiro cha vuto latsopano. Nambala yongokhala pamwamba pang'ono osasuntha imapezeka kawirikawiri mwa okalamba ndi odwala impso.

NT-proBNP, puloteni ina yochokera mumtima, imaonetsa ngati mtima ukulemedwa popopa magazi. Kwa wobwera osati mwadzidzidzi, nambala yosafika 125 pg/mL imasonyeza kuti mtima kawirikawiri sunafooke. Kwa wobwera akubanika, dokotala amaona zaka, ndipo amaganizira za kufooka kwa mtima nambala ikapyola malire awa: 450 kwa osafika zaka 50, 900 kwa a zaka 50 mpaka 75, ndi 1800 kwa opyola 75. Amayi amakhala nayo yokwera kuposa abambo. Onenepa kwambiri amakhala nayo yotsika, ndipo apa mpofunika kusamala, poti mtima wodwala ukhoza kubisala.

Asanakutengeni magazi, nenani ngati dzulo munalima tsiku lonse, munathamanga mtunda wautali kapena munabayidwa jakisoni wa pathako. Zonsezi zimakweza CK, puloteni ya m'minofu imene imayezedwanso m'magazi, yomwe mwachibadwa imakhalanso yokwera mwa abambo ndi mwa anthu akuda. Nenaninso ngati mukumwa biotin, vitamini wa tsitsi, chifukwa amasokoneza makina ena. Madzi a pamwamba m'botolo akaoneka ofiira, maselo aphwanyika, magazi atengedwenso.

Koma chifuwa chikathina, ululu nkumafika kumkono kapena kunsagwada, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale zotsatira za mwezi watha zinali zabwino.