Musanachotse servo pa kagalimoto kanu ka Mini

Eni ake a tigalimoto takale, makamaka Mini ija inkapangidwa ku Britain kuyambira 1959 mpaka 2000, amakonda kufunsa ngati angachotse servo ya mabuleki galimoto n'kumaimabe bwinobwino. Zimatheka ndithu, bola mudziwe kuti mabuleki ndi zipangizo zingapo zodalirana, ndipo mukachotsa chimodzi muyenera kuonanso zotsalazo.

Servo ndi chitini chozungulira chija mumachiona m'boneti. M'kati mwake muli labala wochigawa pawiri. Injini ikamalira imakoka mpweya kudzera mu manifold, chipaipi cholowetsera mpweya mu injini, ndipo kapaipi kochokera pamenepo kamayamwa mpweya wa m'chitinimo. Mukaponda buleki, mpweya wakunja umalowa mbali imodzi n'kukankha labala uja, motero phazi lanu limapeza wolithandiza. Ntchito yake imathera pomwepo. Kuti galimoto iime pafupi kapena patali zimadalira matayala, mapadi, madisiki ndi madiramu. Mwendo wamphamvu uyimitsa galimoto yopanda servo pa mtunda womwewo, kungoti umayenera kuponda zolimba.

Kampani yomwe inkapanga Mini inadziwa zimenezi. Mu 1984 inayamba kuika matayala a mainchesi 12 ndi madisiki a mainchesi 8.4 kutsogolo kwa Mini iliyonse, ndipo kwa zaka pafupifupi zinayi inkazigulitsa popanda servo. Inadzayamba kuiika pa zonse chakumapeto kwa 1988. Kagalimotoka n'kopepuka, sikafika n'komwe tani imodzi, choncho phazi la munthu wamba limakakwanitsa.

Ambiri amaichotsa pofuna malo, chifukwa m'boneti ya Mini ndi mothina moti dzanja limalowa movutikira, ndipo servo ya m'zaka zomalizazo imaphimba njira yofikira pa kilatchi. Ena amati popanda servo phazi limamva bwino pamene matayala atsala pang'ono kukhukhuluzika, ndipo pamenepa ndimagwirizana nawo. Koma ngati mukuichotsa chifukwa mabuleki sakugwira, yambani mwaiyesa. Injini ili yozimitsa, pondani buleki kangapo mpaka pedulo italimba, musachotse phazi, kenaka lizani injini. Pedulo ikatsika pang'ono, servo ili bwino, vuto lili pena. Mwina pisitoni ya kalipa (chitsulo chofinyira mapadi pa disiki) yagwira dzimbiri, mwina mapaipi a labala afufuma m'kati, mwinanso mabuleki akumbuyo angofuna kuwasendeza.

Tsono onani mtundu wa servo yomwe muli nayo, chifukwa kukula kwa ntchito kwagona pamenepa.

Mtundu woyamba ndi uja umakhala paokha, kutali ndi pedulo, monga unkaikidwa pa Mini yotchedwa Cooper S kuyambira 1963 pamodzi ndi madisiki a mainchesi 7.5. Paipi ya mafuta a mabuleki imachoka pa master cylinder (kapampu komwe pedulo imakankha) kulowa mu servo, ina n'kutuluka kupita kumawilo. Iyi ndi yosavuta. Mumamasula mapaipi awiriwo n'kupanga paipi imodzi yatsopano yolumikiza master cylinder ndi pomwe pankafikira paipi yachiwiri ija. Musalumikize zidutswa zakale ndi timajointi tongofinya. Paipi ikhale ya mabuleki yeniyeni ya 3/16, milomo yake yopindidwa ndi chida chake, ndipo muimange kuti isamakhulane ndi chitsulo. Servo za mtundu umenewu zikakalamba zili ndi kakhalidwe koipa: labala wa m'kati akatha, mafuta a mabuleki amayamwidwa kupita mu injini. Mumangoona mafuta akutsika m'kabotolo ka pa master cylinder, pansi pali pouma, kumbuyo kukutuluka utsi woyera. Mukamasula chitinicho mumapeza mafuta ali tho m'katimo.

Mtundu wachiwiri, wa kuyambira 1988, ndi wina. Master cylinder yake ndi yogona ndipo imamangidwa pa servo penipenipo, choncho servo ikachoka nayonso ilibe pokhala. Mufunika master cylinder yoimirira ya mizere iwiri (wa mawilo akutsogolo ndi wa akumbuyo), monga ya nambala GMC227 yomwe amaidziwa ndi kachizindikiro kachikasu, yomwe inali pa Mini za madisiki servo isanabwere. Mufunikanso pedulo ya galimoto yopanda servo, popeza mapedulo awiriwa amasiyana, ndi mapaipi atsopano opita pa valavu yochepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Valavu imeneyo musaichotse. Kumbuyo kwa Mini kulibe katundu, matayala akeko akayamba kugwira msanga kuposa akutsogolo galimoto imazungulira pamsewu. Manati a mapaipi samalani nawo, chifukwa ulusi wake umasiyana malinga ndi chaka, wina wa mamilimita wina wa mainchesi. Nati izilowa ndi zala kaye, sipanala ibwere pomaliza. Ikakana pa ulusi woyamba, si yake.

Apa ndipamene ena amalakwitsa chifukwa chofuna zotchipa: amaikapo master cylinder ya mzere umodzi ya Mini zoyambirira, poti ndi yaing'ono ndipo imaoneka yachikale. Musatero. Pa mizere iwiri, paipi ya kumbuyo ikaphulika mabuleki akutsogolo amagwirabe. Pa mzere umodzi, pedulo imangopita pansi basi, mwatsala ndi handibuleki. Musaganizenso kuti master cylinder yaikulu m'kati ndiyo yamphamvu. Ikakula pedulo imalimba kwambiri ndipo mwendo umavutika, ikachepa pedulo imafewa koma imatsika patali.

Chimene amaiwala ambiri ndi bowo la pa manifold pomwe panali kapaipi koyamwa mpweya. Litsekeni ndi bawuti ya ulusi wake ndi washala, osangotsekera bawuti m'kapaipi ka labala n'kukasiya kali lende. Pakangolowa mpweya pamenepo injini imalira modukizadukiza, petulo amachepa m'masilinda, ndipo mavalavu amatha kupsa. Onaninso ngati switchi ya magetsi a buleki ikukhudzabe pedulo yatsopanoyo.

Pogwira ntchito yalani nsanza zonyowa mozungulira, mafuta a mabuleki amasupula penti. Thirani mafuta a mtundu wa DOT 4 a m'botolo longotsegula kumene, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi. Chotsani mpweya m'mawilo onse anayi motsata ndondomeko ya m'buku la galimoto yanu, mnzanu akuponda pedulo pang'onopang'ono, inu mukuyang'anira kuti kabotolo kasaume. Mukatha, pondani zolimba kwa theka la mphindi. Pedulo ikamatsika yokha, penapake pakudontha kapena labala wa master cylinder sakugwira, ndipo galimotoyo isachoke m'galaja.

Kuyesa koyamba kukhale pamalo opanda anthu, liwiro lochepa, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Mapadi olimba a mpikisano amafuna kutentha kuti agwire, ndiye popanda servo m'mawa angakudzidzimutseni, sankhani a pamsewu wamba. Ngati galimotoyo mumayendetsa anthu awiri, mnzanuyo aiyesenso, makamaka ngati anazolowera magalimoto amakono kapena ali ndi vuto la bondo. Akati ikumulemera, konzetsani servo ija muibwezere. Adziwitseninso a inshulansi kuti mwasintha mabuleki, ndipo servo, pedulo ndi mabulaketi ake musunge pouma, chifukwa wodzagula galimotoyo angazifune.