Musanatsike nayo thirela ku Tete, yambani mwayeza mutu wake

Abale anga a kuno ku Angónia ndi Tsangano, lero sindikamba za feteleza ai. Ndikuona anthu amene mbatatesi zawayendera bwino akugula pikapu kenako kathirela, ena mpaka kalavani yakale ngati zija anthu a ku Joni amabwera nazo pokawedza ku Cahora Bassa, ya bedi ndi kambaula ka gasi mkati. Nzabwino ndithu, kukagona ku Songo m'nyumba yako yoyenda nayo. Koma mmene ena akukokera zinthuzi pa msewu wa Ulongwe kutsikira pa Mussacama eee mtima umachita kulumpha.

Vuto lalikulu ndi kapakiridwe basi. Ambiri amangoponya katundu pomwe pali malo, zigubu za madzi kumbuyo, jenereta kumbuyo, thumba la ufa kumbuyonso poti ndi pomwe pali pafupi ndi chitseko, ndiye mutu wa thirela, kutsogolo kuja komwe kumakoleka pa galimoto, umapepuka nkumanyamula matako a galimoto. Cholemera chilichonse chikhale pansi, pamwamba pa matayala kapena kutsogolo kwake pang'ono, ndipo muchimange chisamasuntheko. Madzi musawaderere, lita imodzi ndi kilo imodzi, zigubu zisanu za malita 20 ndi 100 kg imeneyo.

Kuyeza kwake nkosavuta. Sikelo yapansi yomwe mumayezera soya ija, ikani pamalo osatsetsereka, dulani kamtengo koti mutu wa thirela ukhale pa msinkhu womwewo umakhala ukakoleka pa kampira kachitsulo ka galimoto, muutsamize pamenepo. Pa makilo 100 alionse a thirela ndi katundu wake, pamutu pazitsamira makilo 7 mpaka 10. Yonse ikakhala 700 kg sikelo iwerenge cha m'ma 50 mpaka 70. Ikawerenga 15 tsitsani mupakirenso, musachite manyazi ndi anthu oonerera. Ikapyola kwambiri nayonso siyabwino, kutsogolo kwa galimoto kumayandama chiwongolero nkusiya kumvera.

Mutu ukapepuka thirela imayamba kuvina, mchira uku ndi uku ngati njoka, makamaka mukamadutsana ndi ma tanka aja ochoka ku Beira kupita pa Zóbuè, mphepo yake imakukankhani. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, mwendo umathamangira pa buleki wokha, ena amati ponda moto iwongoke. Zonsezo ai. Gwirani chiwongolero chilunjike, chotsani mwendo pa moto pang'onopang'ono liwiro lizitsika lokha mpaka kuvinako kuthe, mukapeza poima imani mukaone katundu. Ine ndi thirela sindidutsa 80 ngakhale msewu utakhala mbee.

Tsono ulendo wathuwu uli ndi khalidwe lake. Ulongwe ili pamwamba kupitirira mamita 1,200 pomwe Tete sifika ndi 200 omwe, ndiye kuti mukutsika komanso mukupita kotentha, mu Okutobala ndi Novembala kumeneko kumadutsa madigiri 40. Mukamatsika motsamira buleki njira yonse mabuleki amatentha nkusiya kugwira, mumangomva fungo lopserera mwendo ukulowa ngati mwaponda phala. Lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetse, giya yomwe mungakwerere phirilo ndi yomwenso mutsikire, injini izigwira yokha. Zoika fili, kutsika galimoto isali m'giya, kuti musunge mafuta zija musayese nkomwe. Thirela yopanda mabuleki akeake isapyole 750 kg pamodzi ndi katundu. Ndipo amene mukupitirira ku Songo dziwani kuti mukadutsa Estima pali chikweza chokhotakhota, muziyang'ana singano ya kutentha kwa injini, ikakwera imani pambali injini ikulira choncho izizire, osatsegula chivindikiro cha radiyeta ili yotentha mungapse nkhope.

Nyamukani mbandakucha, pofika masana mukhale mwawoloka Zambezi. Mpweya wa matayala yezani mmawa omwewo asanayende, akatentha panjira geji imakwera ndipo musauphwetse, umatsika wokha akazizira. Matayala a kalavani amanyenga, mapanga amaoneka atsopano chifukwa imangokhala pakhomo chaka chonse koma mphira inakalamba kalekale ndi dzuwa. Onani manambala anai omaliza pambali pomwe palembedwa DOT, 2318 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2018. Lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, lokhala ndi timing'alu mmbali, ine sindingapite nalo ku Changara. Mukayenda makilomita 30 oyamba imani, ikani dzanja pafupi ndi pakati pa wilo, pakatentha moti simungagwire ndiye kuti ma beringi auma akufuna girisi. Sipeya ya thirela ndi sipanala yake yomwe, nthawi zambiri manati ake safanana ndi a pikapu, anthu amazindikira zimenezi ali kale pa dzuwa la ku Moatize.

Za mapepala sinditalikitsa. Livrete ya thirela payokha, seguro (inshuwaransi), colete (kajekete konyezimira), ma triangulo awiri, ndi kachizindikiro kaja ka buluu ndi chikasu kosonyeza kuti mukukoka, kutsogolo kwa galimoto ndi kumbuyo kwa thirela. Karta ya B imakwanira thirela yaing'ono ya 750 kg, yolemera kuposa apo funsani za karta ya BE kwa a transito asanakulembeni multa. Sungani timetikali ta portagem, ndipo ngati mulibe chochita mtauni dzerani mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014, kusiyana nkukapanikizana ndi ma chapa pa wa Samora Machel.

Musanalize injini zungulirani kamodzi. Loko wa pa kampira watsekeka, tcheni mwakoleka, kawilo kakutsogolo mwakakweza, botolo la gasi mwatseka, mwana aime kumbuyo akuuzeni ngati ma indiketa ndi magetsi a buleki akuyaka. Munthu asakwere mu kalavani ikuyenda, ngakhale apongozi atadandaula kuti mu pikapu mwathina. Ndipo rivesi kaphunzireni pa bwalo la mpira Lamulungu masana, dzanja ligwire pansi pa chiwongolero, komwe mwapititsa dzanja nkomwe mchira wa thirela ukulowera, pang'onopang'ono, ikapindika pitani kutsogolo muyambirenso.