Kodi chowotcherera cha ngolo chipirira katundu wochuluka bwanji?

Achimwene a ku Ngabu, mwafunsa ngati mizere iwiri ya mamilimita 60 yomwe mwawotcherera pachitsulo chokokera ngolo ya thonje ikukwana. Werengani motere.

Yambani ndi kuyeza mwendo wa mzerewo, kuchokera pakona kufika pomwe wathera. Tinene kuti ndi mamilimita 6. Chulukitsani ndi 0.7, mupeza 4.2. Kumeneko ndiye kukhuthala komwe kumanyamula katundu, osati chotupa chooneka pamwambacho.

Pa kutalika kwa mzere uliwonse chotsani mamilimita 10, chifukwa poyambira ndi pothera sipagwira bwino. Yonse iwiri pamodzi ikhala mamilimita 100. Tsono 4.2 kuchulukitsa ndi 100 ndi mamilimita a sikweya 420.

Ngati mwagwiritsa ndodo zowotcherera za mtundu wa E6013, werengerani makilogalamu 10 pa milimita imodzi ya sikweya, ndiye 4,200. Koma ng'ombe zimakoka modzidzimutsa m'maenje ndi m'mchenga wa m'mitsinje, choncho gawani katatu. Mutsala ndi makilogalamu 1,400 okoka, ndipo pa ngolo ya ng'ombe ziwiri akukwana.

Masamuwa ndi a kukoka kolunjika basi. Ngati chitsulocho chimapindika polumikizira, ikanipo kachitsulo ka makona atatu kochirikiza. Ndipo musanawotcherere, palani dzimbiri lonse, makamaka ngolo ikakhala kuti idamizidwapo m'madzi osefukira a Shire.