Kalembedwe ka zizindikiro za masamu pa kiyibodi

Aphunzitsi ambiri kuno ku Mangochi akamatayipa mayeso a masamu amaika x m'malo mwa chizindikiro chochulukitsa, ndiye mwana wa Fomu 2 akaona 3x4 amayamba kusaka mtengo wa x, zimandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa mwanayo samalakwa.

Njira yake nayi pa Windows. Yatsani Num Lock kaye, dinikizani Alt osasiya, kenako lembani manambala pa mabatani a kudzanja lamanja aja, osati a pamwamba ayi, mukatha musiye Alt. 0215 ikupatsani ×, 0247 ikupatsani ÷, 0177 ndi ±, 0178 ndi ka ² ka sikweya. Mukafuna kulemba kutentha kwa Okutobala kwathu kuno, 0176 ndiye kamzere kozungulira ka madigiri, °.

Laputopu zambiri zilibe mabatani amenewa, musadandaule, dinani batani la Windows pamodzi ndi fulusitopu, kabokosi katuluka, pitani pa zizindikiro musankhe nokha.

Chinanso chimene chimazunguza anthu ndi @. Mukadina Shift ndi 2 n'kutuluka " dziwani kuti kompyutayo yaikidwa pa kiyibodi ya UK, @ wanu ali pa batani la apositirofi pafupi ndi Enter, lidineni pamodzi ndi Shift.

Ndipo ŵ wa Malaŵi tisamutaye abale. Mu Word lembani 0175, musankhe ndi mausi manambala okhawo, kenako Alt ndi X, atuluka ndi kachipewa kake.